Chrome ikulemera, timauthenga tikungotulukira pakona: mmene ndinakonzera laputopu yanga

Laputopu yanga ndi ka HP kogula kwa munthu, RAM yake 4GB basi, ndipo ndimadyerapo potaipira ana asukulu ma assignment kuno ku Luwinga. Mwezi wa June uja kuzizira kuli pachimake, Chrome inayamba kuyenda ngati lole yodzaza malasha ikukwera Chiweta, kenako pakona yakumanja pansi panayamba kutuluka timauthenga, mara kompyuta yanu ili ndi ma virus 5, mara mwawina iPhone, mara zithunzi za atsikana zoti kasitomala atakhala pambali pako umangosowa poyang'ana. Ngati yanunso ikutero, tsatani izi musanapereke ndalama kwa munthu.

Yambani mwatsimikiza kaye kuti vuto si netiweki. Tsegulani tsamba lomwelo pa foni yomwe mukupangira hotspot, ikachedwanso pamenepo ndiye kuti ndi bando kapena netiweki ya tsikulo, laputopu musaivute. Foni ikathamanga bwinobwino, bwererani mu Chrome mudine Shift ndi Esc pamodzi. Pamatuluka kabokosi koonetsa tab iliyonse ndi extension iliyonse (kapulogalamu kowonjezera mu Chrome) ndi memory yomwe ikudya. Dzina lomwe simukulidziwa lilembeni papepala.

Timauthenga tapakona tija nthawi zambiri si virus ayi, tinachita kutiloleza tokha. Masayiti oonerapo mpira waulere aja amakuuzani kuti dinani Allow kuti titsimikize kuti sindinu robot, inu poti Arsenal yayamba kale kusewera mumangodina. Lembani pamwamba paja chrome://settings/content/notifications mutsike mpaka pa mndandanda wa masayiti ololedwa. Lililonse lachilendo dinani timadontho titatu musankhe Block. Osati Remove, chifukwa mukangolichotsa lidzakufunsaninso ndipo Loweruka likubwerali mudzadinanso Allow, ndikukudziwani. Pamwamba pake pali posankha kuti sayiti iliyonse isamatumize mauthenga, ine ndinasankha pamenepo. Ndipo nambala yafoni yomwe imabwera pa uthenga wa virus uja musaimbe, ndi mbava zimenezo.

Tsopano ma extension, apa ndi pomwe ndinaluzira ndalama ndiye mundilole ndichedwepo. Ine ndisanadziwe zonsezi ndinanyamula laputopu kupita kwa mnyamata wina wokonza mafoni mtauni, sanaiyatse nkomwe, anangoti "bigi iyi yangofunika format basi". Ndinalipira K15,000, ndinaisiya masiku awiri, ndipo folder ya ma CV a anthu yomwe inali pa Desktop inapita yonse chifukwa iye anati sindinamuuze. Ndafika kunyumba, laputopu ikuthamanga ngati yatsopano, ndalowetsa Gmail yanga mu Chrome kuti ma bookmark abwerere, sipanathe ndi ola limodzi ndikasaka chinthu pa Google ikundiponyera ku sayiti ina yachilendo yodzaza zotsatsa malonda. Ndinabwereranso, iye akuti mwina ndi fulashi yanu bigi, tipangenso format pa theka la mtengo. Apa ndi pomwe ndinakhala pansi ndekha usiku wonse.

Nkhani yake inali iyi: Chrome mukailowetsa akaunti ya Google ndi kuyatsa Sync, imasunga ma bookmark, mapasiwedi komanso ma extension ku akauntiko. Ndiye extension yoipa ija, ina yake yodzitcha yosinthira PDF kukhala Word yomwe ndinaika ndekha chifukwa cha ntchito, imangobwerera nthawi iliyonse ndikalowa. Mutha kupanga format kakhumi, ibwerabe. Chofunika ndi kulemba chrome://extensions muli mu akaunti yanu momwemo, Sync ili yoyaka, intaneti ikugwira, nkudina Remove pa iliyonse yomwe simukuikumbukira, kuti ichokenso ku akauntiko. Kungoizimitsa pa kabatani kabuluu kaja sikukwanira. Mukakayika, dinani Details muone zomwe inaloledwa, ya PDF yomwe ikufuna kuwerenga ndi kusintha zonse za pa masayiti onse omwe mumatsegula, ikufuna chiyani kumeneko? Ngati munalowetsapo Gmail yanu mu Chrome nkuyatsa Sync pa kompyuta ya mnzanu kapena mu cafe, kumbukirani kuti extension zomwe zinaikidwa kumeneko pa dzina lanu zimakutsataninso kunyumba, sinthani pasiwedi.

Ikakana kuchoka, kapena pansi pa menu palembedwa Managed by your organization pomwe laputopu ndi yanu osati ya ku ofesi, ndiye kuti pali pulogalamu mu Windows yomwe ikuigwirizira. Dinani batani la Windows ndi R, lembani appwiz.cpl, dinani pa Installed On kuti zisanjike potengera tsiku, muchotse zomwe zinalowa sabata yomwe vuto linayamba. Zambiri zimabwera ndi ma Office ndi ma antivirus okiraka omwe anyamata amathira mu fulashi pa mtengo wa chipisi. Windows 10 ndi 11 zili kale ndi Windows Security yaulere, musagule zimenezo.

Kenako dawunilodani AdwCleaner, ndi yaulere, yopangidwa ndi a Malwarebytes, itengeni pa sayiti yawo yeniyeni osati pa link yoyamba yolembedwa Sponsored. Siidya bando kwambiri. Scan, Quarantine, restart.

Zotsalazi ndi zachangu. Pa icon ya Chrome ya pa Desktop dinani kumanja, Properties, pa Target mawu athere pa chrome.exe, ngati kutsogolo kwake kuli adiresi ya sayiti ifufuteni. Ctrl, Shift ndi Delete muchotse cache (zithunzi ndi mafayilo a masayiti zomwe Chrome imasunga), mapasiwedi musawakhudze. Mu Settings pa Performance yatsani Memory Saver, ndipo pa 4GB ma tab 20 aja aiwaleni. Zikavutabe, Reset settings, ma bookmark sachoka. Amene mudakali pa Windows 7, Chrome yanu inaima pa version 109 kuyambira 2023, siilandiranso zatsopano, pamenepo pokha ndiye format ya mnyamata uja ingakuthandizeni akathiramo Windows yatsopano, bola mukopere kaye mafayilo anu mu fulashi.