Kusintha oyilo wa m'giyabokosi ya njinga yamoto ya two-stroke kuno kuchigwa cha Shire

Njinga zamoto za two-stroke, monga Yamaha DT125, Yamaha AG100 ndi Suzuki TF125, zimene alangizi ndi anthu ena amayendera m'midzi ya ku Chikwawa ndi ku Nsanje, zimamwa oyilo wamitundu iwiri, ndipo chisokonezo chimayambira pomwepo. Oyilo woyamba, wotchedwa 2T, amasakanikirana ndi petulo n'kupsera limodzi mu injini, motero amatha ndipo mwini njinga sangamuiwale. Koma oyilo wa m'giyabokosi sapsa, ndipo ngati palibe podontha sachepa, n'chifukwa chake ambiri amamusiya chaka chathunthu poganiza kuti akadali bwino, chonsecho ndi amene amafewetsa magiya komanso kilatchi imene imazungulira momwemo.

Buku la njinga yanu limanena nthawi yosinthira, ndipo musapyole malire amenewo. Njinga yatsopano, kapena imene yangotsegulidwa injini, isinthidwe oyilo isanapyole makilomita 1,000, chifukwa zitsulo zikamayamba kukhulana zimasiya tizidutswa tambiri. Zikatero, langizo langa kwa woyenda kuno kuchigwa n'lakuti asinthe pakatha makilomita 2,000 kapena miyezi itatu, kutengera chimene chayamba kukwana. Ena adzati ndikuwonongetsa ndalama, koma oyilo wolowa m'giyabokosi yotere safika ndi lita imodzi, pamene magiya ndi mbale za kilatchi n'zodula ndiponso zimavuta kupeza.

Chifukwa chofupikitsira nthawi chonchi ndi dera lathu lomweli. Mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40 ku Ngabu, ku Nchalo ndi ku Bangula, ndipo njinga ikamalimbana ndi mchenga pa giya yoyamba kapena yachiwiri, woyendetsa atafinya kilatchi mwatheka, oyilo amatentha kwambiri n'kudzaza ndi fumbi la mbale za kilatchi. Matope a makande m'dzinja amachitanso chimodzimodzi, popeza tayala limangozungulira pamodzimodzi injini ikulira.

Madzi ndiye mdani wamkulu, ndipo pamenepa musawerengenso makilomita. Giyabokosi ili ndi kapaipi kopumira, ndipo njinga yotentha ikalowa m'madzi ozizira, mpweya wam'kati umafota n'kukoka madzi kudzera m'kapaipiko kapena m'masiili (timalabala totseka mipata kuti oyilo asadonthe) otha. Amene amawoloka mtsinje wa Mwanza kapena timitsinje ta ku East Bank pakati pa Januwale ndi Malichi ayenera kutsegula chitsekerero cha pothirira oyilo akangofika pakhomo n'kuyang'ana. Oyilo wabwino amawala ngati uchi, koma wolowa madzi amayera ngati tiyi wothira mkaka wambiri, ndipo woteroyo achotsedwe tsiku lomwelo ngakhale atathiridwa dzulo, chifukwa akagonamo masiku angapo mabeyaling'i amachita dzimbiri. Nthawi zina pamafunika kusintha kawiri, mutayendetsako pang'ono pakati, kuti madzi atheretu.

Posintha, yambani mwaliza injini kwa mphindi zochepa kuti oyilo asungunuke, kenako zimitsani, imikani njinga mowongoka pamalo osapendekeka, ndipo pukutani fumbi mozungulira chitsekerero musanachitsegule. Masulani bawuti yapansi ndi sipanala yokwana bwino, oyilo agwere m'chigubu chodulidwa. Mutengeni pang'ono pachala muyang'ane padzuwa: kunyezimira pang'ono si kodetsa nkhawa, koma mukaona tizitsulo tomveka pachala, pitani kwa makaniko. Pobwezera bawuti musaimange ndi ukali, chifukwa chitsulo cha injini n'chofewa ndipo mazinga ake sachedwa kudyeka. Muyezo wa oyilo nthawi zambiri umalembedwa pachivundikiro cha kilatchi pafupi ndi pothirira, ndipo musathire mopyola muyezowo.

Thirani oyilo wa njinga zamoto wa 10W-30 kapena 10W-40, makamaka wolembedwa JASO MA pabotolo. Oyilo wina wa galimoto amakhala ndi mankhwala otereretsa amene amachititsa kuti kilatchi izitaya mphamvu pokwera chitunda cha ku Thabwa, ndipo wopimidwa m'mabotolo osalemba pamsika simungadziwe chimene mwagula. Oyilo wakuda amene mwachotsa musamuthire pansi pafupi ndi mjigo, ndiponso musapake pa zilonda za ng'ombe monga amachitira ena kumakola. Mutsekereni m'chigubu mukasiye kwa makaniko.