Musanagule vinyo wa thovu wa paukwati, werengani botolo

Ngati mukukonza ukwati kapena phwando ndipo mtengo wa Champagne wakulemerani, funafunani botolo lolembedwa Crémant, monga Crémant d'Alsace kapena Crémant de Loire. Nayenso ndi wa ku France ndipo kapangidwe kake n'kamodzimodzi: vinyo amamuthira m'botolo pamodzi ndi shuga ndi yisiti, n'kutseka, ndiye amawiranso m'botolo momwemo mpaka thovu lija. Kungoti dzina la Champagne limaloledwa pa vinyo wochokera m'chigawo cha Champagne chokha, ndipo lamulo limati akhale miyezi yosachepera 15 asanagulitsidwe. Ndalama zambiri mumalipirira dzinalo. Amene muli ku South Africa, Cap Classique amapangidwanso motero.

Kenako yang'anani mawu onena za shuga, pakuti apa ndi pamene ambiri timapusitsika. Brut ndi wosatsekemera, shuga wake safika magalamu 12 pa lita. Extra Dry, ngakhale dzinalo limamveka ngati alibiretu shuga, ndi wotsekemerako kuposa Brut. Ngati ndi womwera keke, tengani Demi-Sec, wa magalamu 32 mpaka 50. Brut pa keke amamveka wowawasa, alendo amangolawa n'kusiya matambula ali odzaza.