Mangani Zikalata za Nkhani Imodzi Mumtolo Umodzi

Alembi, osunga mafayilo ndi nonse amene mumagwira ntchito pa kompyuta, taonani mmene nkhani imodzi ya mu ofesi imayendera. Pempho la ndalama limakhala ndi kalata yolembedwa mu Word, bajeti ya mu Excel, malisiti ojambulidwa pa sikana, mwinanso zithunzi ziwiri kapena zitatu. Mukazitumiza zili balalabalala, wolandirayo amatsegula ichi, kutseka icho, ndipo mapeto ake amakuimbirani foni kuti lisiti ina sanaione pamene inu munaitumiza. Malangizo anga ndi akuti zikalata zoyendera limodzi muzizimanga mufayilo imodzi musanazitumize.

Maganizowa si achilendo. Mu Office 95, 97 ndi 2000 munali pulogalamu yotchedwa Binder, yomwe inkasunga zikalata za Word, Excel ndi PowerPoint pamalo amodzi, koma Microsoft inadzaichotsa. Masiku ano njira yodalirika ndi PDF, mtundu wa fayilo umene kampani ya Adobe inatulutsa mu 1993 ndipo unavomerezedwa mu 2008 ndi ISO, bungwe loona za miyezo padziko lonse. Ubwino wake ndi woti tsamba limaoneka chimodzimodzi pa kompyuta, pa foni ndi papepala.

Ntchito yeniyeni ili pokonzekera, kuphatikiza kwenikweniko n'kwa mphindi imodzi. Tsegulani foda yatsopano ndipo muikemo makope a zikalatazo, zenizenizo muzisiye pamene zili. Kenako ganizirani munthu amene akawerenge: akufuna kuona chiyani poyamba? Kawirikawiri ndi kalata yofotokoza nkhani, kenako lipoti, kenako ziwerengero, maumboni kumapeto. Yambitsani dzina la fayilo iliyonse ndi nambala, 01, 02, 03. Ziro wakutsogoloyo musamusiye, chifukwa mapulogalamu ena amaika 10 patsogolo pa 2.

Tsopano sandutsani chikalata chilichonse kukhala PDF. Mu Word mumasankha Save As n'kutenga PDF. Mu LibreOffice, pulogalamu ina yogwira ntchito ngati Word ndi Excel, muli Export as PDF. Ndipo pa Windows 10 ndi 11 pali Microsoft Print to PDF, yomwe imaoneka ngati pulinta koma imatulutsa fayilo m'malo mwa pepala. Mu Word onetsetsani kuti ndemanga za anzanu ndi zokonza za Track Changes (zija zoonetsa mawu amene asinthidwa) mwazimaliza, apo ayi zimatha kutuluka m'mbali mwa tsamba, bwana n'kuwerenga zimene munkanong'onezana.

Pa Excel ndiye pamene ambiri amapunthwa, choncho ndikhalitsepo pang'ono. Tebulo la Excel lilibe malire ngati pepala. Mukalisandutsa osayang'ana, mizere yotsika ya kumanja imadukira patsamba lina, ndipo kawirikawiri yodukayo ndi ya ndalama zonse pamodzi, imene owerenga akuifuna kwambiri. Bajeti ya tsamba limodzi imasanduka masamba asanu ndi limodzi opanda mutu. Musanachite chilichonse, onani kaye mmene lidzatulukire pa Print Preview. Ligonekeni tsambalo cham'mbali posankha Landscape, kenako musankhe Fit All Columns on One Page. Zilembo zikachepa kwambiri moti munthu sangawerenge, ndi bwino kubisa mizere yosafunika kusiyana n'kupanikiza zonse. Kumbukiraninso kuti Excel imatenga tebulo (sheet) lokhalo limene mwatsegula, pokhapokha mutaiuza kuti itenge Entire Workbook, kutanthauza fayilo yonse.

Zonse zikakhala PDF, ziphatikizeni. Adobe Acrobat yolipira ili ndi Combine Files. PDFsam Basic ndi yaulere ndipo imagwira pa Windows, Mac ndi Linux. PDF24 Creator nayonso ndi yaulere, ya pa Windows. Pa Mac, pulogalamu ya Preview imalola kukoka masamba kuchokera mufayilo ina kupita mu inzake. Ndatchula dala mapulogalamu oika pa kompyuta yanu. Pa intaneti pali malo ambiri ophatikizira mafayilo mwaulere, koma kuwagwiritsa ntchito ndiko kutumiza chikalata chanu ku kompyuta ya anthu amene simukuwadziwa. Za malipiro a antchito, za odwala, za mapangano a malonda, zisatuluke mu ofesi motero. Pamenepa sindinyengerera.

Pali zikalata zina zosayenera kulowa mumtolo. PDF yosainidwa ndi siginecha ya pakompyuta, ija yotsimikizika ndi satifiketi, ikaphatikizidwa ndi zina siginechayo imatha mphamvu, popeza ntchito yake ndi kuchitira umboni kuti fayilo sinasinthidwe. Imeneyo itumizeni payokha. Fayilo yotsekedwa ndi pasiwedi imafuna mwini wake aitsegule kaye.

Nanga kukula kwa fayilo? Gmail salola zomata zopitirira 25 MB pa imelo imodzi, ndipo chimene chimanenepetsa fayilo kwambiri ndi zojambula pa sikana. Lisiti wamba safunika mitundu. Ijambuleni yotuwa pa 200 kapena 300 dpi (muyeso wa kuoneka bwino kwa chithunzi umene mumasankha pa sikana). Mukachepetsa fayilo ndi pulogalamu, kuzani tsamba limodzi muone ngati manambala ang'onoang'ono ndi zidindo zikuwerengekabe.

Mukamaliza, tsegulani fayilo yatsopanoyo ndipo muyende nayo kuyambira tsamba loyamba mpaka lomaliza. Ngati munaika masamba 4, 12 ndi 7, payenera kutuluka 23. Tembenuzani amene ali chadodolido, chotsani opanda kanthu. Mtolo ukakhala waukulu, ikani patsogolo tsamba lonena zam'katimu, kuti wofuna malisiti okha asafufuze m'masamba makumi asanu. Dzina lake linene nkhani ndi tsiku, kuyambira chaka, mwezi, kenako tsiku, kuti mafayilo azindandalika okha mufoda.

Fayilo yophatikizayo ndi ya owerenga basi. Mawerengedwe a mu Excel safika mu PDF, mumangotsala manambala ouma, ndiye zikalata zoyambirira zija muzisunge bwino kuti pakapezeka cholakwika mukonze kumeneko n'kumanganso mtolo. Ngati mnzanuyo akufunika kusintha mawu kapena kuwerengetsanso bajeti, PDF simuthandiza: sankhani mafayilowo monga alili, muwapanikize mu ZIP (fayilo imodzi yonyamula mafayilo angapo osawasintha), mumutumizire imeneyo.