Kutchova kabaza madzulo pa M1: zomwe ndimauza anyamata atsopano

Mnyamata akabwera kudzalowa pa siteji yathu ya kabaza pa Mponela, ndisanamufunse dzina ndimayamba ndafinya mabuleki a njinga yake, onse awiri. Labala likakhala latha mpaka chitsulo chikukhula limu, abwerere akakonze kaye. Kuponda tayala ndi chidendene si buleki ayi.

Kenako nkhani ya kuoneka. Dzuwa likangolowa, dalaivala wa thiraki yochokera ku Kasungu sakuona iwe, amangoona chonyezimira. Vala jekete yowala ija ngakhale kutenthe bwanji mu Okutobala. Kumbuyo kwa kaliyala mangirira chonyezimira chofiira. Chikasowa, CD yakale imathandizako, bola uziipukuta fumbi. Kutsogolo ika tochi, uimange ndi mphira wa chubu.

Yenda kumanzere, kumene magalimoto akulowera. Ena amati bola kukumana nawo maso ndi maso. Bodza limenelo, ukungomusokoneza dalaivala.

Thiraki ikamadutsa, mphepo yake imakoka njinga. Gwiritsa mahandulo, ndipo pamene phula ladyeka m'mbali tsikira m'fumbi msanga, usadikire hutala. Ine ndinagwapo ndi mayi wina atanyamula dengu la tomato chifukwa chokakamira phula. Tomato ndinalipira, chipsera pachigongono chilipo mpaka lero.

Pokhota tambasula mkono, ucheuke kawiri. Wopezeka akununkha kachasu, komiti yathu imamulanda jekete tsiku lonse, ndipo wopanda jekete sanyamula munthu pa siteji pano.