Kagwiritsidwe ntchito ka mneni gainsay

Mneni wa Chingerezi gainsay amatanthauza kutsutsa, kapena kukana kuti chinthu n'choona. Ambiri amasokonezeka ndi mbali yoyambayo, gain, n'kumaganiza za phindu. Ayi ndithu. Gain ameneyu ndi wa Chingerezi chakale, wonena za kulimbana ndi chinthu, ndipo ndi m'bale wake wa again ndi against. Mawu akuti gainsay analipo kale cha m'ma 1300. Mu Baibulo la King James la 1611 ali pa Luka 21:15, pamene Yesu akulonjeza nzeru zimene adani sadzatha kuzitsutsa.

Polemba, yambani ndi kukana. Mneniyu amakonda kuyenda ndi no, cannot kapena few: "There is no gainsaying his skill", kutanthauza kuti luso lake n'losatsutsika. Oweruza milandu ndi olemba ndemanga m'nyuzipepala amakondanso "it cannot be gainsaid that". Mukalemba "I gainsay you" galamala ili bwinobwino, koma zimamveka zachilendo.

Musaike with kapena against pambuyo pake. Chotsutsidwacho, kaya ndi munthu kaya mfundo, chimabwera pomwepo: "No one dared gainsay her." Paja against ali kale m'kati mwa mawuwo.

Ponena za zinthu zakale amasintha ngati say: gainsaid, osati gainsayed. Ambiri amatchula kuti geyin-sedi, mphamvu ili kumapetoko.

Pocheza ndi anzanu kapena pa WhatsApp, deny kapena dispute n'zokwanira. Gainsay musungireni kalata ya ku ofesi, mtsutso wa kusukulu kapena zolemba za kukhoti.