Kusunga kope la madisiki a seva kunja kwa magetsi ndi netiweki

Seva, kompyuta yosungira makope a mafayilo, ikakhala ndi madisiki awiri olembedwa mofanana, dongosolo lija la RAID 1, ambiri amakhala phee poganiza kuti zonse zili bwino. Dongosololi limateteza ku vuto limodzi lokha: kufa kwa disiki imodzi. Munthu akafufuta foda molakwitsa, imafufutika konse kuwiri nthawi yomweyo. Ransomware, pulogalamu ya akuba yofuna dipo, ikalowa, imatseka mafayilo pa madisiki onse. Mphezi, moto kapena wakuba sasankha disiki imodzi n'kusiya inzake. Pamafunika kope lina lomwe lazulidwa, lili m'bokosi, kunyumba ina.

Njira yomwe anthu amathamangira ndi kuzula imodzi mwa madisiki awiriwo n'kulowetsapo yatsopano. Musatero. Seva imatsala ndi kope limodzi, ndipo disiki yatsopanoyo iyenera kukopera zonse kuchokera pa yotsalayo. Disiki ya 8 TB yolemba 150 MB pa sekondi imatenga maola pafupifupi 15 kuti idzaze. Nthawi yonseyi disiki yotsala ija imawerengedwa kuyambira koyambirira mpaka kothera, ndipo ngati ili ndi malo owonongeka omwe sankadziwika, apa mpamene amaonekera, inu mulibe kothawira.

Madisiki awiri a m'seva asamachoke. Onjezani yachitatu, ndipo imeneyo ndiyo iziyenda. Pa Linux, pomwe RAID imayendetsedwa ndi pulogalamu ya mdadm, ilowetseni ndi lamulo la mdadm --add, kenaka mukweze chiwerengero cha madisiki ndi mdadm --grow --raid-devices=3. Dikirani mpaka fayilo ya /proc/mdstat, yomwe imaonetsa momwe RAID ilili, ionetse zilembo UUU, kutanthauza kuti madisiki onse atatu ali bwino. Ikadali kuonetsa maperesenti, disikiyo sinathe kukopera ndipo mukaizula mwatenga chinthu chosawerengeka. Ikatha, imitsani ntchito yosunga makope, muchite umount, lamulo loletsa seva kugwiritsa ntchito madisikiwo, kuti zonse zomwe zinali m'memori zilembedwe, kenaka mdadm --fail ndi mdadm --remove. Kuzula ntchito ili mkati kuli ngati kulanda kalata wolemba asanamalize: mafayilo ena amatsala atalembedwa theka. Disikiyo ikachoka, bwezerani chiwerengero cha madisiki pa 2, kuopa kuti seva izingokuchenjezani za disiki yosowa mpaka muzolowere kunyalanyaza machenjezo. Ogwiritsa ntchito ZFS, dongosolo lina losungira mafayilo, zawo nzosavuta: zpool attach, kudikira resilver (kukopera kwake) ithe, kenaka zpool split potchula disiki yomwe ikuchokayo.

Pomwe ambiri amapwetekera ndi pobweza disiki yakale. Disiki yochotsedwa ndi mdadm imakhala ndi nambala yozindikirira RAID (UUID) yofanana ndi ya madisiki omwe atsala, choncho seva ikayaka iyo ili mkati ikhoza kusokonezeka. Ilowetseni seva ili yoyaka kale, muifufute chizindikiro cha RAID ndi mdadm --zero-superblock, kenaka muiwonjeze ngati yatsopano. Koma lamuloli lisapite pa disiki yolakwika. Maina ngati sdb ndi sdc amasinthasintha seva ikayakanso, ndiye gwiritsani ntchito maina a mu /dev/disk/by-id, omwe amakhala ndi siriyo nambala, ndipo nambala yomweyo muilembe pa chikwama cha disikiyo pamodzi ndi tsiku lomwe inakoperedwa.

Kumbukiraninso kuti disiki yobwerayo ikangoyamba kukopera, kope lake lakale latha. Choncho oyendawo akhale atatu, kapena awiri zikavuta, ndipo muzilemba pa yakale kwambiri pomwe ina ili kutali. Musanailowetse, tsegulani mafayilo angapo a m'seva muone ngati ali abwino. Seva yomwe inagwidwa ndi ransomware sabata yatha idzalemba zinyalala pa kope lanu labwino popanda kufunsa.

Polumikizira disiki (SATA) pa mkati mwa kompyuta panapangidwa kuti pazulidwe maulendo 50 okha, ndiye pezani thireyi yolowetsa ndi kutulutsa disiki seva ili yoyaka. Kulumikiza disiki ya RAID kudzera pa USB sitikulimbikitsa, chifukwa imadukaduka. Ngati USB ndi yokhayo yomwe ilipo, ndi bwino kungokopera mafayilo ndi lamulo la rsync kapena la zfs send pa disiki yodziimira payokha. Kwa seva zing'onozing'ono njira imeneyi ndi yomwe ilinso ndi ngozi zochepa.

Mukazimitsa disiki, dikirani isiye kuzungulira musanainyamule. Iikeni m'chikwama cha antistatic (choteteza ku magetsi obwera pokhudzana zinthu), m'bokosi la siponji, pamalo ouma. Popeza imatuluka panja, mafayilo akhale otsekedwa ndi LUKS, njira ya Linux yotsekera disiki ndi mawu achinsinsi, koma mawu achinsinsi asungidwe kwina, osati pa seva yomweyo kapena m'bokosi lomwelo. SSD, disiki yopanda zozungulira mkati, si yabwino kuisiya nthawi yaitali yosayatsa, makamaka kotentha, chifukwa mphamvu yosunga zolembedwa imachepa pang'onopang'ono.

Miyezi itatu iliyonse tengani disiki imodzi muiyese pa kompyuta ina, osati pa seva. Itseguleni ndi mdadm --assemble --readonly --run, mubwezeretse mafoda angapo, muyerekeze ndi manambala a sha256sum, osonyeza ngati fayilo yasintha, omwe muyenera kusunga tsiku lokopera. Onaninso smartctl, pulogalamu yoonetsa thanzi la disiki: mzere wa 5 ndi wa 197 umasonyeza malo owonongeka, ndipo manambala ake akayamba kukwera, disikiyo ichotsedwe pa mndandanda wa oyenda, mugule ina yaikulu mofanana kapena kuposapo.