Mafuta a mfuti ndi chikwama chachikopa chakale

Chikwama cha mfuti ya m'manja chimene ndinachipeza chinali chitada bii, chofewa ngati nsanza, ndipo chikakhudzidwa chimamata m'zala. Mwini wake woyamba ankachipaka mafuta omwewo opaka mfuti poganiza kuti akuchisamala.

Mafuta amenewa anapangidwira chitsulo. Ambiri amachokera ku mafuta a pansi pa nthaka amene amapangira petulo, ndipo ena amakhala ndi mankhwala osungunula litsiro la onga. Akalowa m'chikopa amachifewetsa mopitirira, amachidetsa, ndipo satulukanso msanga. Chikwama cha mfuti chimafunika kukhala cholimba kuti chigwire mfuti bwino. Chikalobodoka, ntchito yake yatha.

Ndinayamba ndi kupukuta ndi nsalu youma, kenaka ndinawaza paudala wosanunkhira paliponse pamene panali mafuta. Kutacha, paudalayo anali atasanduka wachikasu. Ndinkamuchotsa ndi burashi yofewa n'kuwazanso wina mpaka anasiya kusintha mtundu. Apa m'pofunika kudekha, chifukwa dzuwa kapena moto zimangong'ambitsa chikopa. Dzimbiri lobiriwira pa batani la mkuwa ndinalipala ndi kamtengo, osati mpeni.

Pomaliza ndinapaka pang'ono zedi Renaissance Wax, phula limene linapangidwa ku British Museum, nyumba yosungiramo zinthu zakale ya ku London, m'zaka za m'ma 1950. Limakhala pamwamba, silifewetsa chikopa.

Mtundu wakale sunabwerere wonse, koma chikwamacho chinalimbako ndipo sichimatanso. Mfuti sindiisungamo, poti chikopa chimasunga chinyezi ndipo chitsulo chimachita dzimbiri. M'malo mwake ndinaikamo pepala lopanda asidi kuti chisaphwatalale.